Manda a Sadri, Mendulo ya Nuhi

St. Gallen, 10 Malichi 1996

Amake Drita,

Tengani mapu aja amaphunzirira Drita, muwayale pansi, mundilozere dziko lathu. Lozani ndi chala. Mwalipeza? Ngati simunalipeze, musandilemberenso zoti ndakula ndisiye zogwetsana. Sindikugwetsana kuti ndiwine nkhosa yamphongo ngati kale kwathu ku Dragash. Nkhosa ndinawina zisanu ndi ziwiri, tinadya, zinatha.

Moni ndinayamba ndamuiwala, pepani. Ine ndili bwino, kaya inu ndi ana, achimwene a Zenel ndi alamu? Bondo la amayi likuti bwanji ndi chisanu chimenechi?

Imvani chimene chandipsetsa mtima. Dzulo kunali mpikisano wa mayiko wa kugwetsana kuno ku Switzerland. Ndinakwera sikelo, makilo 82 ndendende. Mlembi, kamunthu ka magalasi, akuti, "Dziko?" Ine, "Kosova." Anatsetsereka ndi pensulo pa mndandanda wake, nakweranso. "Palibe. Ndilembe Yugoslavia?" Ndinati, "Dzina la anthu amene anatitsekera mabwalo ndi masukulu? Kalembeni pamphumi panu." Anandibwezera pepala langa mwaulemu, ulemu wa kuno uja umabaya osatulutsa magazi. Mpikisano wonse ndinaonera nditavala jekete. Amene anawinayo ndikanamukanda ngati ufa wa buledi.

Chipinda ndikugona ndi Nuhi, wa kumapiri a ku Gostivar, ku Macedonia. Chiyankhulo chathu chomwechi, makutu ophwanyika ngati angawa, mphuno yokhota chimodzimodzi. Iye ali ndi dziko, mbendera, pasipoti ndi kabuku ka ogwetsana. Koma phewa lake lamanja limaguluka, sangagwetse ngakhale mwana wa nkhosa, ndipo chitupa chogwirira ntchito alibe. Ine chitupa ndili nacho, phewa ndili nalo, dziko ndilibe. Amati, "Achimwene, atatisoka pamodzi ife awiri, pakanatuluka munthu mmodzi wabwinobwino." Akatero amaseka mpaka kutsamwa.

Hysni wa basi akupatsani envulopu ndi nsapato za ana. Ng'ombe musagulitse, udzu ungadule bwanji. Chipale chikasungunuka muitane munthu akonze denga la khola lisanagwere nkhosa. Tchizi munatumiza inafika, mchere wake ndi womwewo.

Ndine mwamuna wanu,
Sadri

St. Gallen, 14 Epulo 1996

Amake Drita,

Moni nonse. Ine ndili bwino, ndikudya ngati hatchi. Kalata iyi mukawerenga muiponye pamoto. Wina akanazungulira, koma kuzungulira ine sindinaphunzire.

A Bislim, amene amayendetsa komiti yathu ya ogwetsana kuno, anabwera mwezi watha atanyamula maswiti ngati akudzafunsira mbeta. Anati, "Sadri, mu Meyi kuli mpikisano ku Austria. Ulowa ndi pasipoti ndi kabuku ka Nuhi. Ukakwera pa nsanja ya opambana, utsegule jekete. Pachifuwa padzakhala patalembedwa Kosova, ife tijambula. Chithunzicho chipita kwa akuluakulu a zogwetsana a dziko lonse pamodzi ndi pempho lathu loti atilembe m'buku lawo."

"Nanga ntchito yanga?"

"Akakugwirira Nuhi. Akukusamutsira ku chinyumba chatsopano chimene chikumangidwa, kapitawo wake sakukudziwa."

"Akayang'ana nkhope?"

Nuhi anati, "Aise, kwa eni dziko lino tonsefe ndife khutu limodzi lophwanyika. Chimene ndikuopa n'choti ungandichititse manyazi, nkhalamba iwe. Dzina langa silinagonepo chagada."

Ndinavomera. Ndikudziwa zimene munene. Musanene.

Papita masabata atatu. Tasamukira ku nyumba ina ya antchito, kumene woyang'anira nyumba amatidziwa mosemphanitsa. M'mawa Nuhi amavala nsapato zanga ndi chipewa cholembedwa dzina langa, n'kumapita kukakwera nsanja za omanga. Ine ndimathamanga m'phiri, masana ku holo. Saini yanga akuilemba bwino kuposa mwini wakene. Poyamba tinkaseka.

Koma dzana woyang'anira nyumba uja anaitana pa masitepe, "Sadri!" Nuhi anacheuka. Ine ndinapitirira. Sikuti ndinkachita dala ayi. Dzinalo linangondidutsa ngati la munthu wina. Ndinazindikira nditafika pakhomo.

Dzulonso ndinamumva akumeta ndevu, akubwereza yekha, "Fetije, Drita, Valon. Fetije, Drita, Valon." Akuti akuloweza, kuopa kapitawo angamufunse za banja. Ndinati, "Dzina la mkazi wanga ulichotse m'kamwa mwako ndisanakuchotse mano." Anati, "Ndiye undibwereke lina, mphongo." Tinagwirizana poti tiyi anali akuzizira.

Nkhosa ya nsembe ya chikondwerero cha Bajram agule achimwene, yonenepa, tisachite manyazi. Tsabola musafulumire kudzala, kuzizira kwa kwathu kumabwerera. Mtengo wa maula wa kuseri kwa khola asaudule munthu.

Wanu,
Sadri

Austria, 19 Meyi 1996

Amake Drita,

Moni wa chimwemwe! Ndili bwino, nthiti zokha zikulira. Ndatenga nambala yachitatu! Anthu anayi ndawagoneka, wandigonjetsa mnyamata wa ku Bulgaria wamphamvu ngati thirakitala. Uzani achimwene, koma chapansipansi.

Anaitana dzina la Nuhi, ndinakwera. Anandiveka mendulo yamkuwa, mbendera ya Macedonia, yofiira ya dzuwa lachikasu, inayamba kukwera. Ndinatsegula jekete. Holo yonse zii. Kenako anyamata athu asanu ndi awiri amene anabwera pa galimoto anakuwa ngati anthu mazana. Mkulu wina wa taye anathamanga kudzanditseka zipi ngati ndavula, koma kamera inali itathwanima kale. Zaka zisanu ndakhala ndikudikira mphindi imeneyo. Ndinkayesa ndidzalira. Sindinalire. Ndinkangomva kuzizira kumsana ngati wina waima kumbuyo kwanga, pamene kumbuyoko kunali khoma.

Chinanso. Lachisanu masana, ndili pa sikelo, phewa lamanja linandibaya ngati msomali. Phewa limeneli silinandipwetekepo chibadwire. Ndinagwetsana nalo choncho, mano nditaluma. Lero silikulola kuti ndipese bwino tsitsi.

A Bislim andikwiyitsa. Lachisanu lomwelo anaitanidwa ku telefoni, anabwerako nkhope ngati phulusa. Ndinati, "Kwagwanji?" Akuti, "Za pakhomo." Anakwera galimoto kubwerera ku St. Gallen, ndewu zanga za Loweruka sanaonere, angofika lero m'mawa ndi kamera. Tsopano akuti tikakhale masiku khumi pa famu ya munthu wa kwathu kuno, mpaka phokoso la jekete lizizire. Ndinafuna kumuimbira Nuhi ndimuuze kuti wawina mendulo ali pa nsanja ndi ndowa ya simenti, akuti telefoni ya ku nyumba kwathu yafa. Ku Switzerland telefoni kufa? Kaya.

Drita ndamugulira wotchi, Valon mpira. Inu ndakusungirani nsalu ya kumutu yobiriwira. Kalata iyi ndapatsira mnyamata wina akapereke kwa Hysni.

Wanu wopambana,
Sadri

St. Gallen, 30 Meyi 1996

Fetije,

Ndili moyo. Moni wanga ndi ameneyo. Yang'ana zilembozi, ndi dzanja langa. Amene mwaika m'manda si ine.

Ndinafika dzulo. Woyang'anira nyumba anandigwira dzanja pa masitepe nati, "Pepani bambo Nuhi, mnzanu Sadri anali munthu wansangala." Ndinalowa m'chipinda. Bedi langa lopanda zofunda. Sutikesi yanga palibe, jekete langa, chithunzi cha ana, lumo, palibe. Za Nuhi zonse zili m'malo mwake, mpaka masokosi amene anayanika pa zenera.

Nuhi anagwa ku ntchito Lachisanu lija masana, kuchokera pa nsanjika yachisanu kumwamba. Thabwa linapendekeka, anatambasula dzanja lamanja kuti agwire chitsulo, phewa linakana. M'thumba munali chitupa changa.

Ndinapita kwa a Bislim osavula nsapato. Ndinati, "Mwanditumiza kwathu m'bokosi?"

"Khala pansi, Nuhi."

"Mwati ndani?"

Anagwira pakamwa. Kenako anati, "Sadri, mwana wanga, tikananena zoona iwe ukanalowa ndende, komiti yonse ndende, pempho lathu m'madzi. Akanati a Kosova ndi achinyengo, n'chifukwa chake alibe dziko. Pirira mpaka msonkhano wa akuluakulu mu Sepitembala. Akatilemba m'buku, tikonza zonse."

"Anamusambitsa ndani?"

"Ife tomwe. Nkhope panalibe yoti munthu n'kuizindikira. Bokosi analiwotcherera, linakwera ndege Lachitatu."

"Nanga mayi ake?"

"Mayi ake ali ndi mwana wamoyo, wopambana mendulo. Ukufuna uwalande chiyani?"

Ndinanyamula tebulo lawo ndi makapu omwe, ndinaliswa pakhoma. Akazi awo analira. Sindinapepese.

Fetije, ndikudziwa kuti kalata ija ya Epulo unaiwerenga. Ndiye unaima pa bokosi lotsekedwa osadziwa kuti muli ndani. Zimenezo ndakuchita ndine, sindikukana. Bedi langa apatsa kale munthu wina wa ku Portugal. Ndikugona pa bedi la Nuhi, ndavala malaya a Nuhi, ena ndilibe. Akundikwana ngati anandiyeza.

Uza achimwene a Zenel okha. Amayi uwauze pang'onopang'ono, mtima wawo ukuudziwa. Undiyankhe msanga.

Sadri

St. Gallen, 23 Juni 1996

Amake Drita,

Moni. Thupi lili bwino, phewa lokha. Kalata yanu ndalandira, mizere inayi. Mwati, "Ndinalira masiku asanu ndi awiri, la chisanu ndi chitatu kunabwera kalata yanu ya mendulo. Amayi anakomoka. Achimwene akuti tikhale chete, anthu a komiti anabwera. Ngati muli moyo, ndinkalira ndani?" Munkalira munthu wabwino kuposa ine. Misozi yanu sinapite pachabe.

Hysni atandiona pa siteji ya basi anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda tayala. Ndinati, "Gwira dzanja, chitsiru iwe, mizimu siinunkha thukuta." Akuti, "Sadri, ndinakuthira dothi ndi manja angawa." Kalata anakana kuilandira m'manja, anati ndiike pa mpando. Wandiuza zonse. Akuti amuna anadzaza kuchokera ku mzikiti mpaka ku mlatho, bokosi ananyamula ogwetsana a dera lathu lonse la Opoja, ngakhale aja ndinawathyola nthiti. Akuti khofi anatha m'sitolo. Ndinafunsa kuti ananena zotani za ine. Akuti, "Anati unali waukali koma wosanama." Ndinasowa poyang'ana.

Chithunzi cha ku Austria chatuluka. Mawu a pachifuwa akuoneka bwino. Koma nkhope, Fetije, ndaiyang'ana pa dzuwa, ndaiyang'ana pa nyali. Munthuyo akumwetulira chakumanzere. Ine sindimwetulira choncho.

Lachinayi kunabwera phukusi la Nuhi kuchokera ku Gostivar. Woyang'anira nyumba anandipatsa, ndinasaina. Munali masokosi oluka ndi kaseti. Mayi ake, a Zelije, salemba, amayankhula pa kaseti. Ndikanaisiya, koma ndinaiika. Akuti, "Nuhi, mwana wanga, mwana wa a neba anawerenga m'nyuzi kuti wawina. Ndinaphika maswiti ndinagawa mudzi wonse. Phewa lija lachira eti? Ndinadziwa, ndinkalipempherera. Uzivala masokosi, kumeneko n'kozizira." Kumbuyo kukumveka nkhuku ndi belu la ng'ombe. Kenako anakhala chete nthawi yaitali tepi ikuzungulira, ngati akudikira ndiyankhe.

Udzu mudule nyengo isanasinthe. Envulopu ya mwezi uno ndi yopyapyala, musafunse.

Sadri

St. Gallen, 11 Ogasiti 1996

Amake Drita,

Moni kwa inu ndi ana. Mwati Valon amapita kumanda kukathirira maluwa. Musamuletse, koma musandiuzenso.

Ine ndilipo. Wakufa sagwira ntchito ya chitupa, ndiye ndikuthyola maapulo ndi kukonza makola kwa mlimi wina, mobisala, monga ankachitira Nuhi. Dzanja lamanja silikwera kupitirira khutu. Dokotala sindingapiteko, ndikapita ngati ndani? Amene amandidziwa akandiona amawoloka msewu, a Bislim anawauza. Amene sandidziwa amanditchula Nuhi, ndipo ndimayankha msanga, msanga kwambiri.

Lachisanu lapitalo ndinapita ku mzikiti wa tauni ina. Atatha mapemphero, a Shehe anati tipempherere abale amene anatisiya kuno ku ulendo, nayamba kutchula mayina. Dzina lachitatu linali langa, lotchulidwa pamodzi ndi la bambo anga. Anthu onse anati amin. Inenso ndinati amin. Mkulu wina pambali panga anandisisita bondo nati, "Munkamudziwa?" Ndinati, "Pang'ono."

Tsopano imvani nthabwala ya chaka. Ndaona pempho limene komiti yatumiza. Chithunzi chija chili pa tsamba loyamba, pansi pake alemba kuti: onani, ngakhale wogwetsana wa ku Macedonia akutichitira umboni. Ndiye thukuta langa lija lasanduka umboni wa mlendo. Ndinati, "A Bislim, nanga Kosova yagwetsa ndani pamenepa?" Akuti, "Usathamange magazi, iwenso tikukulemekeza. Chaka cha mawa mpikisano wa ku Dragash udzatchedwa Chikumbutso cha Sadri." Ndinati, "Mundilembe, ndidzalowa nawo." Sanaseke.

Mwandiuza kuti alongo anu akuti miyezi inayi ndi masiku khumi a umasiye zikakwana adzakutengani kubwerera kwa bambo anu, ana atsale kwa achimwene monga mwa mwambo. Auzeni adikire. Mupeze chonena, muti amayi akudwala. Sepitembala si patali.

Kaseti yachiwiri yabwera. Sindinaitsegule. Ili pa zenera, ndikalowa m'chipinda ndimayamba kuiona iyo.

Pomaliza kalatayi dzanja linayamba lokha chilembo cha dzina lina. Ndafufuta. Ndi pamene padetsedwapo.

Sadri

St. Gallen, 22 Sepitembala 1996

Fetije, ndi inu achimwene a Zenel, poti ndikufuna kalata iyi iwerengedwe mokweza m'chipinda cha amuna,

Moni nonse. Za thanzi langa zisiyeni.

Msonkhano uja wachitika. Yankho ndi mizere iwiri: nkhani yathu sinaikidwe pa zokambirana, tidzalembenso dziko lathu likadzadziwika. Envulopu ya chithunzi yabwerera yosatsegula. A Bislim akuti tipirire mpaka chaka cha mawa.

Sizinathere pomwepo. Anabwera ndi wailesi ya kaseti pansi pa mkono. Akuti mayi a Nuhi ayamba kufunsa anthu a mabasi chifukwa chake mwana wawo satumiza mawu. Akuti, "Mawu ako ndi ake ngofanana, mayankhulidwe ake ukuwadziwa. Ungonena pang'ono, uti uli ndi chimfine. Gogo uja makutu anayamba kufa."

Ndinati, "Tiyambe tamva zimene akunena iwo." Ndinatsegula kaseti yachiwiri ija, tinamvera tonse awiri. Akuti, "Nuhi, masiku ano ukumabwera kutulo, koma suyankhula. Umaima pa chipata utanyowa dothi, ukuloza kuseri kwa phiri. Ndikakufunsa kuti ukugona kuti, umati kwa eni ake. Mwana wanga, ngati akukuzunza kumeneko bwera, mendulo sitidya." Tepi inatha. A Bislim anapukuta magalasi awo nati, "Waona? Akufunika kuwakhazika mtima pansi. Yamba."

Ndinawamenya ndi dzanja lamanzere, poti lamanja silikwera. Ndi munthu wamkulu, anagwa moipa. Zimenezo ndidzayankha ndekha.

Dziko ndikulifunabe, musandimve molakwa. Ndikufuna tsiku lina mwana wa ku Opoja adzakwere sikelo, atchule Kosova, mlembi alembe osakweza mutu. Koma ife tikulira kuti anthu akukana kutitchula dzina lathu, ndiye tomwefe tafufuta dzina la munthu, tamukwirira m'manda a eni, mayi ake akuluka masokosi. Akuluakulu a mataye aja sanatichite zimenezi. Tachita tokha.

Mawa m'mawa ndikupita ku polisi ya kuno ndi pasipoti ya Nuhi, kabuku kake ndi mendulo. Ndikanena zonse, langa lomwe. Anditsekera kapena andithamangitsa, sindikudziwa, ndipo apolisi a kumalire a kwathu akandilandira bwanji ndi malaya aja a pa chithunzi, mukudziwa nokha. Alongo ako, Fetije, uwauze kuti mwamuna wako ndi wandende, osati wakufa. Sukupita kulikonse.

Tsopano inu achimwene. Ndamva kuti mwalamula kale mwala wa pamanda ku tauni ya Prizren. Kaletseni wosemayo lero. Thabwa lija lili kumutu kwa manda mukalizule ndi manja anu, anthu akuona. Mukatero mutenge a Shehe ndi amuna awiri a ndevu zoyera, muwoloke phiri mupite ku Gostivar. Musatume mwana, musalembe kalata, musatumize kaseti. Mukakhale pansi pamaso pa mayi Zelije, muwauze kuti mwana wawo anafa pa 17 Meyi atavala nsapato za m'bale wanu, akugwira ntchito ya m'bale wanu. Akakutukwanani, mulandire. Akakulavulirani, musapukute. Ndipo chipale chisanatseke njira, mumufukule Nuhi, mumunyamule pa mapewa monga munanyamulira ine, mukamuike kwawo, pansi pa dzina lake.

Musandiyankhe ndi mawu. Mundiyankhe mutachita.

Sadri, mwana wa Isuf